Phunziro: Kusankha Ampulifaya Yogwirizana ndi Masipika a Pakhomo

M'nyumba zambiri za ku Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Area 25, zida zomvetsera nyimbo ndi kuonera kanema sizigulidwa tsiku limodzi. Masipika amabwera ndi achimwene ochokera ku Johannesburg, bokosi la sabufa amakhoma ndi kalipentala wa ku Mchesi, ndipo ampulifaya imadzagulidwa pambuyo pake m'sitolo ya mumsewu wa Malangalanga ndalama zikapezeka. Tikalumikiza zonsezi osaona ngati zikugwirizana, sipatenga nthawi kuti sipika ipse kapena ampulifaya iyambe kuzima yokha, ndipo ndalama zosungidwa miyezi yambiri zimapita pachabe.

Cholinga cha phunziroli n'chakuti tidziwe kuwerenga manambala olembedwa kumbuyo kwa sipika ndi ampulifaya, kuti tizisankha potengera masipika amene tili nawo komanso kukula kwa chipinda chathu. Zambiri mwa izi tinazikhudza kale m'phunziro la Fizikisi kusekondale.

Ntchito ya ampulifaya

Mawu ochokera mufoni, mu DVD kapena mu wailesi yakanema amatuluka ngati mphamvu yamagetsi yochepa kwambiri, yosatha kugwedeza sipika. Ampulifaya imatenga magetsi apakhoma n'kukulitsa mphamvuyo. Mfundo yoti tiigwiritse ndi iyi: ampulifaya siipanga mphamvu yakeyake, ndipo singatulutse kwa nthawi yaitali mphamvu yoposa imene ikulandira.

Nambala yoyamba: ma ohm

Sipika iliyonse imalembedwa ma ohm ake, kawirikawiri 4, 6 kapena 8. Nambalayi imasonyeza mmene sipikayo imatchingira magetsi. Ikakhala yaing'ono, sipika imakoka magetsi ambiri. Limeneli ndi lamulo lija la Georg Ohm, limene analifalitsa mu 1827.

Tiyeni tiwerengetsere. Ampulifaya ikatulutsa mavoti 20 kupita ku sipika ya ma ohm 8, mumadutsa ma amp 2.5, ndipo mphamvu yake ndi mawati 50. Sipika ikakhala ya ma ohm 4, mumadutsa ma amp 5. Ikakhala ya ma ohm 2, ma amp 10. Ampulifaya imene inapangidwira ma ohm 8 ikakakamizidwa kupereka magetsi ochuluka chonchi imatentha, kenako imazima kapena kupsa.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa powonjezera masipika. Tikamanga masipika awiri a ma ohm 8 pamalo amodzi otulukira mawu, waya wofiira ku wofiira, wakuda ku wakuda, ampulifaya imawaona ngati sipika imodzi ya ma ohm 4. Akakhala anayi, imawaona ngati ya ma ohm 2. Choncho tisanagule, tiyang'ane kumbuyo kwa ampulifaya pamene palembedwa ma ohm ochepetsetsa amene imalola, ndipo masipika athu onse pamodzi asatsike kupyola pamenepo.

Nambala yachiwiri: mawati

Pa makatoni ambiri timaona zilembo zikuluzikulu ngati "3000W PMPO". Nambala ya PMPO ilibe muyezo umodzi wogwirizana, kampani iliyonse imawerengera mwa njira yake, choncho siitithandiza poyerekeza zida. Yodalirika ndi ya RMS, imene imanena mphamvu yomwe chida chingapereke kapena kupirira mosalekeza.

Wogulitsa akalephera kutiuza RMS, pali njira yachidule. Pafupi ndi pamene chingwe cha magetsi chimalowera pamalembedwa mawati amene chidacho chimadya. Ngati palembedwa 60W, ndiye kuti mawu otuluka m'masipika onse pamodzi sangapitirire mawati 60 mosalekeza, ngakhale katoni italonjeza masauzande.

Posankha, RMS ya ampulifaya pa tchanelo chilichonse ifanane ndi RMS ya sipika kapena ipitirire pang'ono. Mwina tingaganize kuti ampulifaya yaing'ono singawononge sipika yaikulu, koma sizili choncho. Tikaikweza mpaka kumapeto, imalephera kutulutsa mawu mwaukhondo, imayamba kudula nsonga za mafunde a mawu, ndipo timamva kusasa ndi kuthetheka. Mawu osasawa amatenthetsa kawaya ka mkati mwa twita, kasipika kakang'ono ka mawu oonda kaja, mpaka kupsa. Tikangomva kusasa, titsitse.

Nambala yachitatu: ma dB a sipika

Masipika ena amalembedwa nambala ngati 87 dB kapena 90 dB. Imatiuza kukula kwa mawu amene sipika imatulutsa ikapatsidwa wati imodzi, woyeza ali pamtunda wa mita imodzi. Pali malamulo awiri osavuta. Kuwirikiza mawati kawiri kumangowonjezera 3 dB basi. Kuti khutu limve ngati mawu akula kawiri, pamafunika pafupifupi 10 dB, kutanthauza mawati owirikiza ka 10.

Zotsatira zake n'zothandiza pathumba. Sipika ya 90 dB ikapatsidwa mawati 50 imamveka mofanana ndi ya 87 dB yopatsidwa mawati 100. Komanso sipika ya 90 dB ikalandira mawati 10 okha imafika kale pa 100 dB kwa munthu woima pafupi nayo. Pabalaza la nyumba zathu zambiri, pamene mpando uli mamita awiri kapena atatu kuchokera pa kanema, mawati 30 mpaka 50 a RMS pa tchanelo chilichonse ndi okwanira ndithu. Kulipira ndalama zambiri kuti tichoke pa mawati 100 kufika pa 200 n'kugula 3 dB yokha.

Matchanelo angati?

Home theatre yolembedwa 5.1 imakhala ndi masipika asanu: lamanzere, lamanja, lapakati lotulutsa mawu a olankhula, ndi awiri akumbuyo, kuphatikizapo sabufa imodzi ya mawu a besi. Sipika iliyonse imafuna tchanelo chakechake. Sabufa ina imakhala ndi ampulifaya mkati mwake, ina ilibe, ndipo tiyenera kufunsa zimenezi tisanalipire. Ngati ndalama n'zochepa, ampulifaya yabwino ya matchanelo awiri ndi masipika awiri abwino zimamveka bwino kuposa masipika asanu ndi limodzi opepera.

Magetsi athu

Magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230. Chida chimene chinapangidwira msika wa ku America chimafuna mavoti 120, ndipo tikachilumikiza popanda thiransifoma chimapsa nthawi yomweyo. Tiwerenge chizindikiro kaye, makamaka pa katundu wogwiritsidwa kale ntchito.

Sitinaiwale mdima wa mu 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale chaka chimenecho, ndipo mabanja ambiri anagula sola ndi mabatire. Kwa ogwiritsa ntchito batire ya mavoti 12, ampulifaya ya mtundu wa Class D ndiyo yoyenera, chifukwa pafupifupi magawo 90 pa 100 a magetsi amene imadya amapita ku masipika, pamene ya Class AB imataya ambiri monga kutentha. Magetsi akathima, tizule chingwe kukhoma, popeza nthawi zina pobwera amakwera mwadzidzidzi. Ampulifaya iikidwenso poti mpweya uzidutsa, osaifunditsa kansalu kokongoletsa.

Makutu athu ndi a anansi

Bungwe la WHO limati achinyamata oposa biliyoni imodzi padziko lonse ali pachiopsezo chowonongeka makutu chifukwa chomvetsera mawu okwera. Malangizo ake ndi akuti munthu wamkulu angamvetsere mawu a 80 dB kwa maola 40 pa mlungu, koma a 90 dB kwa maola anayi okha. Timaselo ta mkati mwa khutu tikafa sitimeranso. Ku Mgona kapena ku Area 23, kumene nyumba zambiri ndi zoyandikana, besi yathu imalowanso kuchipinda kwa mwana amene akuwerengera mayeso ndi kwa agogo odwala.

Masamu omwewa ndi amene afunika kwa achinyamata opatsidwa udindo woyang'anira zokuzira mawu m'tchalitchi tsiku la Sabata kapena pamsonkhano wamisasa. Zida zimenezo zinagulidwa ndi zopereka za abale ndi alongo, ndipo kuwonjezera sipika imodzi osawerengera ma ohm kungaziwononge.

Mafunso okambirana

1. Ampulifaya yalembedwa kuti imalola ma ohm 4 mpaka 16. Kodi tingamange masipika angati a ma ohm 8 pa tchanelo chimodzi, wofiira ku wofiira, wakuda ku wakuda?
2. Katoni yalembedwa 2500W PMPO, koma kumbuyo kwa chidacho kwalembedwa kuti chimadya 45W. Tingamuuze chiyani mnzathu amene akufuna kuchigula?
3. Sipika ya 86 dB ikufunika mawati angati kuti imveke mofanana ndi ya 92 dB imene yapatsidwa mawati 20?
4. Tikafika kunyumba, tilembe ma ohm ndi mawati a zida zathu, ndipo tidzakambirane ngati zikugwirizana.