Kuphunzitsa Masamu a Magetsi m'Dera la Minda ya Tiyi

Ophunzira ambiri amaloŵeza malamulo a magetsi pamtima, koma akafunsidwa chifukwa chimene fyuzi imapsera, amangoti kukamwa yasa. Udindo wa mphunzitsi ndiwo kulumikiza manambala a pabolodi ndi zinthu zimene ana amaziona. Amene adzaphunzitsa ku Thyolo, pafupi ndi minda ya tiyi ya Satemwa kapena Naming'omba, sadzasoŵa zitsanzo, pakuti m'mafakitale, m'maofesi ndi m'nyumba zina muli magetsi. Ambiri mwa magetsi a dziko lino amapangidwa pa mtsinje wa Shire, monga ku Nkula kuyambira 1966 ndi ku Tedzani kuyambira 1973, ndipo amaloŵa m'nyumba ali mavoti 230.

Choyamba, fotokozani mawu atatu poyerekeza ndi madzi othirira nazale ya tiyi. Voliteji (V) ili ngati kukankha kwa madzi otsika kuchokera m'thanki, ndipo timaiyesa m'mavoti. Karenti (I) ndiyo kuchuluka kwa madzi odutsa m'paipi, ndipo timaiyesa m'maampeya. Rezisitansi (R) ili ngati kupanikiza kwa paipi yaing'ono, ndipo timaiyesa m'maomu. Georg Ohm wa ku Germany ndiye adafalitsa lamulo lolumikiza zitatuzi m'chaka cha 1827: R = V ÷ I. Mphamvu (P), yoyesedwa m'mawati, timaipeza motere: P = V × I.

Chachiŵiri, ophunzira ayese okha. Alumikize mabatire aŵiri a tochi, opereka mavoti 3 pamodzi, ndi babu laling'ono. Ngati choyesera chionetsa maampeya 0.3, rezisitansi ndi 3 ÷ 0.3 = maomu 10, ndipo mphamvu ndi 3 × 0.3 = mawati 0.9. Musalole mwana aliyense kuyesa magetsi a pakhoma, chifukwa amapha.

Chachitatu, lembani pabolodi zitsanzo za m'nyumba. Tiyerekeze kuti ketulo yoŵiritsira madzi a tiyi ikoka maampeya 10. Rezisitansi yake ndi 230 ÷ 10 = maomu 23, ndipo mphamvu yake ndi mawati 2,300. Simbi yokoka maampeya 5 ili ndi maomu 46 ndi mawati 1,150. Tsono funsani: "Ndi chiti chimene chikudya magetsi ambiri?" Ana ena adzatchula simbi poona kuti 46 iposa 23. Aongoleni modekha: voliteji ikakhala yofanana, chipangizo cha rezisitansi yochepa ndicho chimakoka karenti yambiri.

Pomaliza, bwererani ku fyuzi. Fyuzi yaikulu ya m'mapulagi athu a mano atatu ndi ya maampeya 13, ndiye kuti pulagi imodzi siyenera kunyamula mawati oposa 2,990. Ketulo ndi simbi zikalumikizidwa ku chingwe chimodzi zidzakoka maampeya 15. Fyuzi idzayamba kutentha, ndipo karenti ikachulukirachulukira idzaduka. Munthu akamanga waya wamba m'malo mwake, chingwe ndicho chidzatenthe, ndipo nyumba ingathe kupsa.

Ophunzira ena adzafunsa za mafani aakulu ofotetsa masamba m'fakitale. Auzeni kuti mota za mafaniwo zimafuna masamu ena owonjezera, amene adzawaphunzira m'tsogolo.

Ntchito ya kunyumba: chitofu chaching'ono chikoka maampeya 4 pa mavoti 230. Pezani rezisitansi ndi mphamvu yake. Kodi chingagwire ntchito pa chingwe chimodzi ndi ketulo ija? Perekani chifukwa.