Multi-tool: Yang'anani Pakamwa Pake Musanatulutse Ndalama

Tsiku lina tinali pa ntchito yoyala matailosi m'nyumba ina yakale. Mafelemu a zitseko anali athabwa, ofika mpaka pansi, ndipo mwini nyumba anakanitsitsa zoti tiwazule. Ntchito yotere kale tinkaichita chogwada, ndi sowo yamanja ndi tchizulo, thukuta lili kamukamu. Koma ulendo uno tinali ndi multi-tool, kamakina kaja kamene bledi yake imangonjenjemera osazungulira. Ndinagoneka chidutswa cha tailosi pambali pa felemu, pansi pake n'kuikapo katoni kuti iimire simenti yomatira, kenako bledi n'kuigoneka pamwamba pa tailosiyo. Mukatero podulapo pamafanana ndendende ndi mpata umene tailosi idzalowe. Felemu yoyamba inatheka bwinobwino. Ndinamupatsa mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito kuti amalize zotsalazo, ine n'kutuluka kukakanda simenti.

Sipanapite nthawi, kulira kwa makina kunasintha. Kenako fungo la thabwa lopserera.

"Madala, bledi ija yakana," anatero akundionetsa.

Mano onse anali atatha psiti, nsonga itachita kubiriwira ndi moto. M'kati mwa felemu munali msomali, ndipo iye ataona kuti sizikulowa anangowonjezera mphamvu. Sindinamukalipire kwenikweni, poti bledi kutha ndiye ntchito yake. Chimene chinandipweteka n'cha madzulo ake. Ndinayenda mashopu anayi m'tauni, mabledi ndinawapeza ndithu, koma panalibe ndi imodzi yomwe yolowa pamakina anga. Wogulitsa wina anachita kundilimbikitsa kuti, "Tengani bwana, zonsezi n'zofanana." Sizofanana ayi.

Kuti timvetse chisokonezo chimenechi tiyambire kumene makinawa anachokera. Amene munathyokapo mkono mukukumbukira sowo imene amachotsera chikhakha kuchipatala: imadula chikhakha cholimbacho koma khungu n'kulisiya, chifukwa bledi siyizungulira, imangogwedera uku ndi uku pang'ono kwambiri, ndipo khungu limagwedera nayo limodzi. Kampani ya Fein ya ku Germany inapanga sowo yotero mu 1967, ndipo patapita zaka nzeru yomweyo inaipititsa kwa amisiri a matabwa ndi a zomangamanga. Kwa nthawi yaitali malamulo ankateteza luso limenelo kuti ena asakopere. Chitetezocho chitatha cha m'ma 2008, makampani ambirimbiri anatulutsa makina awoawo, aliyense ndi kamangidwe kake ka bledi. (Musatengerepo zoti multi-tool siicheka munthu. Chala chili ndi fupa m'kati, ndipo bledi yamatabwa mano ake ndi akuthwa.)

Lero pakamwa pa makinawa pali mitundu ingapo, koma yoti muidziwe bwino ndi itatu. Woyamba ndi uja wa timano 12 tozungulira, umene a Bosch anautcha OIS. Bledi imakhala pa timanoto, n'kuimanga ndi bawuti kapena ndi chogwirira chokhethemula, ndipo mutha kuitembenuza kuti iloze kumene mukufuna. Makina ambiri otsika mtengo amatsatira kamangidwe kofanana ndi kameneka, ndipo amalandira mabledi aja olembedwa kuti "universal", okhala ndi timabowo tambirimbiri. Wachiwiri ndi wa makina ngati a DeWalt, amene amapana bledi ngati chopanira zovala. Pamenepa bledi imalowa chotsetsereka, choncho iyenera kukhala yotseguka kumbuyo ngati chilembo cha U. Yotsekeka mozungulira imafuna kachitsulo kolumikizira, kamene ambiri timataya tsiku lomwe tatsegula bokosi.

Wachitatu ndiye unandiyendetsa m'tauni. Mu 2016 Bosch ndi Fein anagwirizana n'kutulutsa Starlock. Mutu wa bledi yake si wafulati, ndi wotukuka ngati chitsekerero cha botolo la zoziziritsa kukhosi, ndipo pamakina ambiri umangolowa kuti khethe popanda sipanala. Umagwira zolimba, mphamvu ya makina imafika yonse kumano, ndipo posintha simuwotcha zala. Koma makina a Starlock salandira bledi yafulati. Komanso Starlock yomweyo ili patatu: Starlock, StarlockPlus ndi StarlockMax. Makina a Max amalandira zonse zitatu, a Plus amalandira ziwiri, a Starlock wamba amalandira yakeyo basi. Dzina la kampani lokha lisakunamizeni: Makita DTM51 imalandira mabledi a OIS, pamene DTM52 ya kampani yomweyo ndi ya StarlockMax.

Ndiye langizo langa ndi ili. Makina mumagula kamodzi, mabledi mudzagula mpaka makinawo adzafe, ndipo pakutha pa zaka ziwiri mutha kupeza kuti mabledi adya ndalama zoposa za makina. Musanagule, yambani mwazungulira mashopu a kwanuko muone mabledi amene amapezeka nthawi zonse, kenako mugule makina olandira amenewo. Ngati muli ndi m'bale ku Johannesburg kapena ku London wokutumizirani mabledi mosadukiza, Starlock ndi yabwino zedi, sindingainyoze. Ngati mulibe, makina olandira "universal" adzakusungani. Potuma munthu, mujambulireni pakamwa pa makina ndi nambala yake, musangoti "bledi ya multi-tool". Safunsa anadya phula. Ndipo makina a waya ochokera ku America muziyamba mwawerenga kachikwangwani kake, poti ambiri ndi a 120V pamene magetsi athu ndi a 230V.

Bledi ikalowa, funso lotsatira ndi la chitsulo chake, ndipo yankho limalembedwa pabledi pomwepo. HCS ndi ya matabwa, pulasitiki ndi mabodi a siling'i. Ikakumana ndi msomali yatha, monga inathera yathu ija. BIM ndi yosakaniza zitsulo ziwiri, imapirira misomali wamba, mapaipi a kopa ndi malata opyapyala. Ya mano a carbide ndiyo ya masikuluu olimba ndi mabawuti. Palinso zopanda mano, zokhala ndi timiyala ta carbide kapena dayamondi m'mphepete, zokolopolera simenti ya m'mizere ya matailosi. Ine lamulo langa n'lakuti thabwa lililonse limene linakhomedwapo kale ndimalilowa ndi BIM, ngakhale msomali sindikuuona. HCS ndimaisungira thabwa latsopano.

Chimene chimapha bledi ndi kutentha, ndipo kutenthako timakuyambitsa ndife. Sowo yozungulira imataya utuchi yokha. Koma bledi ya multi-tool imagwedera madigiri atatu okha kapena kuposerapo pang'ono, maulendo 10,000 mpaka 20,000 pa mphindi, choncho utuchi umatsalira momwemo m'mene mukudulamo. Mukakanikiza, utuchiwo umatseka mano, mano amaleka kudula n'kuyamba kupekesa ngati munthu wofuna moto. Yambani ndi ngodya ya bledi, muziyendetsa makina pang'onopang'ono kumanja ndi kumanzere kuti mano onse agwire ntchito, ndipo muzitulutsa bledi kawirikawiri utuchi ugwe. Pachitsulo tsitsani liwiro. Khutu likuuzani: makina akayamba kubuula, mwakanikiza. Podula khoma la bodi, matani tepi pabledi posonyeza pamene iyenera kulekezera, chifukwa kuseriko kumakhala mawaya ndi mapaipi. Apa makina a batire amapambana, popeza mutha kuzimitsa magetsi a nyumba yonse n'kumagwirabe ntchito.

Tsopano za sandipepa, pamene ndaona amisiri odziwa ntchito akuwononga zinthu.

Poyamba tigwirizane kuti kapadi ka ngodya zitatu kamene timamanga pa multi-tool m'malo mwa bledi si kosalazira thebulo lonse kapena chitseko chathunthu. Mudzatha tsiku, ndipo thabwalo lidzatuluka ndi timaenje. Malo ake ndi m'makona a mawindo, m'kati mwa madirowa, pakati pa timatabwa ta mpando, pamene makina aakulu osalazira sangafike.

Pansi pa padi pali timingowe tapulasitiki, tonga tija tomatira nsapato za ana, timene timagwira sandipepa. Timeneti sitilimbana ndi moto. Munthu akaona banga pakona, amapendeketsa makina n'kukanikiza ndi nsonga yokha, liwiro lili pamapeto. Pasanathe mphindi nsongayo yatentha, timingowe tasungunuka, ndipo kuyambira pamenepo sandipepa iliyonse imene mungaikepo izingouluka. Mwataya padi yonse chifukwa cha banga limodzi, ndipo padi ndi yovuta kupeza kuposa bledi, poti nayonso iyenera kugwirizana ndi pakamwa pa makina.

Choncho tsitsani liwiro lifike chapakati. Pamakina okhala ndi manambala 1 mpaka 6, ine ndimakhala pa 3 kapena 4. Gonekani padi yonse pathabwa. Dzanja lanu ntchito yake ndi kuwongolera, kulemera kwa makina n'kokwanira. Musaime malo amodzi. Pakapita kanthawi zimitsani, mukhudze sandipepa ndi chala: ngati ikuwotcha, pumani kaye. Nsonga yakutsogolo ndiyo imayamba kutha, ndiye m'malo motaya pepala lonse, limatuleni n'kulitembenuza kuti ngodya ina ibwere kutsogolo. Pepala limodzi limakhala ngati atatu. Pomata, onetsetsani kuti laphimba padi yonse mpaka m'mphepete, ndipo mabowo ake alunjikane ndi a padi ngati makina anu ali ndi polumikiza chokoka fumbi.

Manambala a sandipepa musawadumphe. Pathabwa lopalidwa kale yambani ndi 80, kenako 120, n'kumaliza ndi 180. Mukachoka pa 80 n'kulumphira pa 180, mikwingwirima ya 80 imabisala, n'kudzaonekera tsiku lopaka vanishi, kasitomala ali chilili pambali panu. Ndimakonda kukhwatchakhwatcha ndi pensulo pamalo ponse ndisanayambe nambala iliyonse. Pensulo ikafufutika paliponse, ndiye kuti ndadutsa ponse, ndipukute fumbi n'kusintha pepala. Ndipo popeza makinawa amakanda mopingasa ngati kauta, pa mlombwa kapena mbawa yoti ipakidwe vanishi ndimamaliza ndi dzanja, kutsatira mizere ya thabwa. Ndi mphindi ziwiri zokha, koma zimasiyanitsa ntchito.

Penti yakale, guluu ndi utomoni wa paini zimatseka sandipepa nthawi yomweyo, chifukwa zikatentha zimafewa n'kumatirira. Yambani mwapala ndi bledi yopalira ija yopanda mano, sandipepa ibwere pambuyo. Pa simenti yomatira matailosi musayese n'komwe sandipepa, pali chokhulira chake cha carbide.

Fumbi la makinawa ndi losalala kwambiri, ndipo nkhope imakhala pafupi ndi ntchito. Valani chotchinga mphuno chenicheni, osati kansalu, makamaka pa simenti ndi pa penti ya nyumba zakale imene nthawi zina imakhala ndi mtovu. Mabodi ndi malata akale a asibesitosi musawadule kapena kuwakhula ndi makinawa ngakhale pang'ono. Tetezaninso maso ndi makutu, kulira kwake n'koboola. Zala zikayamba dzanzi, ikani pansi makina mugwire kaye ntchito ina, chifukwa kunjenjemera kwa tsiku ndi tsiku kumawononga mitsempha ya m'manja. Posintha bledi chotsani batire kapena pulagi, ndipo dikirani izizire.

Bledi ya HCS ikangobuntha osapserera, imanoleka ndi tupa yaing'ono ya ngodya zitatu, monga timanolera sowo yamanja. Yathu ija inali itapitirira pamenepo. Mnyamata uja anaitenga n'kusalaza pamene panali mano ndi grinder, n'kuinola mbali imodzi ngati tchizulo. Ndi imene timapalira penti ndi guluu mpaka pano, ndipo m'bokosi mwake amaisunga payokha, ataikulunga m'kansanza.