Injini ya Chigayo Ikalusa

Atilembera bambo wina wa ku Chadiza, akuti injini ya dizilo ya chigayo chawo inangolusa, utsi uli tolotolo, ndipo sinazime ngakhale anatseka mafuta. Injini za maboti a kapenta ku Siavonga nazonso zimatha kutero.

Zikatero, injiniyo yayamba kumwa oyilo wake womwe. Mwina anathira wopyola mlingo, mwina maring'i anatha ndiye oyiloyo akukwera n'kumapsa ngati dizilo. Injini ya dizilo siyendera mapulagi, choncho kuzimitsa kiyi n'kungotaya nthawi.

Zikachitikanso, bambowa aphimbe polowera mpweya ndi thabwa lophwatalala. Dzanja ayi! Nsanza nayo ingomezedwa. Ikazima asailizenso kufikira makaniko ataona oyilo, fyuluta ya mpweya, komanso gavanala, yemwe akamatirira amasiya pampu ikuthira mafuta mosalekeza.