Dziwani ufulu wanu: khoti likalamula kudula malipiro anu

Ngati mumagwira ntchito yolipidwa pamwezi kuno ku Angónia, kaya ndinu mphunzitsi ku Ulónguè kapena namwino ku Domué, ngongole yosabwezedwa ikhoza kufika kukhoti, ndipo woweruza akhoza kulamula abwana anu kuti azidula malipiro anu mwezi uliwonse. Pachipwitikizi amati penhora.

Lamulo la Mozambique sililola kuti atenge malipiro onse. Akagawidwa patatu, magawo awiri ndi anu, sakhudzidwa. Gawo lachitatulo silidulidwa lonse nthawi zonse ayi: woweruza amayang'ana mmene banja lanu likukhalira, ndipo akhoza kutsitsa mpaka gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi. Pa malipiro a 12,000 meticais, ndiye kuti adzadula pakati pa 2,000 ndi 4,000. Ena sapempha kutsitsaku, amangodandaulira kunyumba, pomwe woweruza sangadziwe za ana anu asanu ngati simunamuuze.

Kalata ya khoti ikangofika, musaisunge m'chikwama, chifukwa masiku oyankhira ndi owerengeka. Pitani ku khoti la boma la Angónia ku Ulónguè, kapena ku IPAJ, bungwe la boma lothandiza kwaulere anthu osakwanitsa kulipira loya. Tengani kalatayo, chitupa chanu cha BI, pepala la malipiro, zikalata za kubadwa kwa ana, malisiti a lendi, sukulu ndi chipatala, komanso kalata yochitira umboni kuti ndinu ovutika.

Pempho lanu loti atsitse gawo lodulidwa likhale lolemba, ndipo musachoke popanda kope lodindidwa.