"Tawina": Mawu a Ochemerera Maule ndi Manoma ku Kasungu

M'nkhani ino ndikufuna kuunika momwe ochemerera mpira amagwiritsira ntchito mlowam'malo "ife", potengera zomwe ndidakula ndikumva kwathu ku Kasungu. Munthu yemwe sadapondepo m'bwalo la Kamuzu ku Blantyre, mtunda wopitirira makilomita 400 kuchokera kwathu, amati "tawina" kapena "atibera". Kodi alowamo bwanji mu "ife" ameneyu?

Bambo anga ndi a Noma. Amati adayamba kuikonda Wanderers m'zaka za m'ma 1980 pomwe inkatchedwa Limbe Leaf Wanderers. Kwa mlimi wa fodya, dzinali silidali lachilendo chifukwa Limbe Leaf ndi imodzi mwa makampani ogula fodya ku okushoni. Iwo ankati thukuta lawo la m'munda ndi lomwe linkagulira osewera nsapato, ndipo palibe ankawatsutsa poyera. Ine ndidasankha Bullets popanda chifukwa chomveka, kupatula choti m'chigafa, pomwe tinkasankha fodya wailesi ili pabelo, ndinkafuna kukhala ndi mbali yangayanga. Mwana sangayankhe bambo ake pa nkhani ya munda, koma pa mpira mwambo umafewerako. Ndinkatha kunena kuti, "Bambo, lero takukwapulani," mawu omwe pena paliponse akadandigonetsa ndi njala. Ngakhale apo, tsiku lina ndidapitirira muyeso poseka, ndipo bambo adakhala masiku awiri akundituma kudzera mwa mayi.

Chochititsa chidwi ndi choti matimu awiriwa ndi apachibale. Wanderers idayamba mu 1962, ndipo Bullets idabadwa mu 1967 pomwe osewera ena adachoka ku Wanderers. Mpake kuti ochemerera amatchulana kuti "neba", liwu lomwe limanyoza koma likuvomerezanso kuti winayo sangasamuke.

Mayina enieni a matimuwa asinthasintha potsata othandiza. Bullets idakhalapo Bata, Total, Bakili, kenako Nyasa. Wanderers idakhalapo Yamaha, Limbe Leaf, MTL ndi Be Forward. Koma pamsika wa Kasungu simungamve wina akuti "ndine wa Total". Anthu adagwiritsitsa mayina awoawo, Maule ndi Manoma, omwe ali ndi "ma-" wa Chichewa ngati matimuwa ndi mitundu ya anthu. Dzina loti Manoma lidachokera ku liwu lachingerezi loti Nomads. Kampani imabwera ndi kupita, dzina la pakamwa limatsala. Tsono pomwe Bullets idayamba kuthandizidwa ndi Nyasa Manufacturing Company, kampani yopanga ndudu, ndidawauza bambo kuti thukuta lawo lasamukira kwathu. Sadaseke.

Tamverani aneni a wochemerera timu ikapambana: "tachinya", "tawaphunzitsa mpira". Ikagonja, ambiri amathawira ku "iwo": "anyamata aja sakusewera", "kochi uja achoke". Bambo anga sachita zimenezi. Amati "tagonja" momveka, ndipo kwa ine apa ndi pomwe pamasiyanira wochemerera weniweni ndi wongotsata chikho.

Mayeso aakulu a "ife" ameneyu adadza mu 2018 pomwe TN Stars ya konkuno idalowa mu Super League. Matimu omwe tinkangowamva pawailesi adayamba kubwera pabwalo la Kasungu. Osewera a TN Stars adali oyandikana nafe, ena tinkakumana nawo m'tauni. Komabe Bullets itabwera ndidavala zofiira, ndipo ndidadzimva ndikunena kuti "ana a kwathu ayesetsa", osati "tayesetsa". Kwathu kudakhala "iwo", Blantyre nkukhala "ife". Bambo okha, atavala jezi yawo yabuluu yothetheka, ndiwo adachemerera TN Stars tsiku limenelo mpaka mawu kusasa, ndipo pobwerera kumudzi ankati "tasewera bwino". Sikudali kukonda Kasungu ayi. Ankangofuna neba agwe.