Phunziro 14: Thovu la Mowa

Tikafulula mowa wamasese, timati mowa ukuwira. Koma pansi pa mbiya palibe moto. Nanga thovu lija lichokera kuti?

Ntchito imayamba ndi chimera. Chimera chikalowa m'phala, phala limasungunuka n'kuyamba kutsekemera. Ndiye thobwa timamwetsa ndi ana omwe lija. M'chimera ndi m'mbiya momwemo muli tizamoyo tating'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa yisiti. Tizamoyoti timadya shuga wa m'phala. Tikadya timatulutsa zinthu ziwiri: ukali woledzeretsa ndi mpweya. Mpweyawo pokwera umanyamula timadeya ndi phala, ndipo pamwamba pamatundumuka thovu.

Yesani izi. Yatsani machesi, muwatsitse pang'onopang'ono m'kamwa mwa mbiya yowira. Moto uzima. Mpweya umenewu si wopuma anthu, koma ndi womwewo umene masamba a chimanga amakoka kumunda kuti mbewu ikule.

Mayi wodziwa kufulula amawerenga thovu ngati kalata. Timathovu tochepa m'mbali, mowa wayamba kumene. Thovu lambiri ndi phokoso la kuti waa, mowa uli pakati pa ntchito. Thovu likagwa, shuga watha, ndipo mukachedwa mowa usasa. M'mwezi wa June ku Angónia kumazizira, mowa umachedwa kuwira. Ku Tete m'mwezi wa October umathamanga, n'kusasanso msanga. Musadzaze mbiya mpaka m'milomo, idzasefukira. Chigubu musachitseke ndithu ayi, chimaphulika.

Tsono anzathu, mvetsetsani apa. Thovu limangotiuza kuti mowa ukuwira. Silitiuza kuti mowa ndi wabwino kumwa.

Mu January 2015, ku Chitima m'boma la Cahora Bassa, anthu anamwa mowa pochokera kumaliro. Anthu oposa 200 anadwala, ndipo 75 anamwalira. Mayi amene anafulula mowawo anamwaliranso. Poyamba mbiri inamveka yakuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Akatswiri atayeza, anapeza zina. Ufa wa chimanga umene anafululira unali utanyowa ndi madzi osefukira n'kuwonongeka. Mu ufamo munamera tizilombo totulutsa poizoni. Poizoni ameneyu sanunkha, samveka pa lilime, ndipo safa ngakhale phala liwire pamoto.

Ambiri timati chimanga chowola sichiyenera nsima koma chimakoma ku mowa. Kumeneko ndiko kulakwa. Chimanga chimene chanyowa m'nkhokwe, chachita chuku kapena chasintha mtundu, chikwiriridwe m'dzenje. Ufa ndi chimera ziume bwino pamphasa tisanazisunge. Mgolo umene munali mankhwala a thonje usayandikire mowa, ngakhale muutsuke katatu.

Tikambirane:
1. Kodi thovu la mowa limachokera kuti?
2. Nkhokwe zathu zili bwanji? Kodi madenga ake sadontha?

Lembani m'kope mawu awa: thovu, chimera, mbiya, nkhokwe.