Lachitatu: Osiyana Zizolowezi, Koma Thupi Limodzi

Werengani Genesis 2:18-24. Kodi Mulungu anapatsa Adamu mnzake wotani?

Liwu la Chihebri lakuti kenegdo, lopezeka mu vesi 18, limanena za munthu woima moyang'anizana ndi mnzake, wolingana naye ulemu koma wosafanana naye m'zonse. Mlengi sanaumbe Adamu wachiwiri. Anapanga Hava kuti adzaze pamene mwamunayo anali kuperewera.

Werengani Oweruza 13:21-23. Kodi Manowa ndi mkazi wake anasiyana bwanji ataona mngelo wa Yehova?

Manowa anagwidwa ndi mantha, naganiza kuti afa. Mkazi wake analingalira mofatsa kuti Mulungu sakanalandira nsembe yao akadafuna kuwapha. Akadakhala amantha onse awiri, ndani akanalimbitsa mnzake?

Zoterezi timaziona m'mabanja athu kuno ku Mpingu ndi midzi yozungulira. Tikakolola mtedza ndi chimanga, bambo wadzanja lotambasuka afuna kugulitsa msanga, agule malata, nathandizenso abale. Mayi akumbukira njala ya mu Januwale ndi Febuluwale, nafuna kusunga matumba. Bambo ati mkazi wake ndi woumira. Mayi ati mwamuna wake ndi wosakaza. Nkhani ifika kwa ankhoswe, ndipo nthawi zina mkamwini anyamula katundu wake nabwerera kwao. Komatu nyumba imeneyo isowa onse awiri. Popanda wosunga, ana adzagona ndi njala. Popanda wopatsa, mlendo ndi wamasiye adzabwerera pakhomo chimanjamanja. Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga. Akapatula chakhumi cha Yehova, awiriwo akhale pansi nagwirizane za matumba ogulitsa, osunga ndi opatsa.

Apainiya a mpingo wathu anadziwanso zimenezi. James White ndi Ellen Harmon anakwatirana mu 1846. James anali wachangu, wolankhula mosapsatira, wogwira ntchito mpaka kudzidwalitsa. Ndiye anayamba kusindikiza nyuzipepala ya Present Truth mu 1849. Kawirikawiri mkazi wake anamchenjeza kuti apumule ndi kuleza mtima ndi abale. Panali nthawi zina zimene sanamvane, koma anatumikira pamodzi zaka 35, kufikira imfa ya James mu 1881. Pambuyo pake Mayi White anaphunzitsa kuti mwamuna kapena mkazi asataye umunthu wake mwa mnzake, popeza yense ali ndi mlandu wake kwa Mulungu.

Tisasokoneze chizolowezi ndi tchimo. Kuledzera, chigololo ndi kumenya mkazi si kusiyana kwa chibadwa. Zimenezi zifunika kulapa. Koma kufulumira kapena kudekha, kulankhulalankhula kapena kukhala chete, ndi mphatso zoyenera kuyeretsedwa ndi Khristu.

Funso Lolingalira: Ndi chizolowezi chiti cha mnzanu wa m'banja chimene mwakhala mukulimbana nacho, chimene mwina chapulumutsa nyumba yanu? Kodi munayamba mwamthokozapo? Werengani Mlaliki 4:9-12.